Theka la Jezi

Mkazi wanga amati ndi zinyalala.
Ine ndimati dikira, Nabiyeni, usasese kaye,
katoni ili pansi pa bediyo ndi banki yanga
ndipo mulibe chomwe ndinagula m'menemo.

Muli wezulo yopanda kanjere m'mimba,
anaitaya lefali tsiku lomwe tinamuthamangitsa
mpaka m'munda wa nzimbe.
Muli sokosi imodzi yobooka pachidendene,
ya Swaleyi, goloboyi wathu wa manja a ulimbo.
Muli chipewa cha pepala cha kampani ya mafoni,
anaponya zitatu zokha pa chikhamu chonse cha pa Dwangwa,
ine n'kudumpha ngati wa zaka khumi.
Bondo limandikumbutsabe kukazizira.
Matikiti ong'ambika sindiwerenga, ndinkatola a anzanga
poti ine ndinkaonera mu mtengo wa mango kuseri kwa mpanda.

Koma mfumu ya zonsezi ndi theka la jezi.

Linali Loweruka la mu Okutobala,
mwaye wa nzimbe zootchedwa ukugwera pa malaya athu.
Tinali kumbuyo ndi chigoli chimodzi.
Kenaka Bizaliyele, nambala folotini,
mwana wa mayi wa zitumbuwa pa geti ya fakitale,
anamwetsa ziwiri m'mphindi zisanu zomaliza,
chachiwiricho ndi mutu, atagwa kale.
Anavula jezi, naizunguza, naiponya kwa ife.

Ndinaiona ikubwera ngati mbalame yothyoka phiko.
Ndinagwira. Wina anagwiranso.
Kamnyamata ka mamina, kopanda nsapato,
kataluma mano, kakukoka.
Ine bambo wa ana awiri, wodula nzimbe,
ndinakoka. Sindinama, ndinakoka.
Kwee! nsalu inalira.
Kwa ine kunatsala mkono wamanzere ndi nambala wani,
iko kanathawa ndi folo, kakuseka ndi kulira pamodzi.

Usiku umenewo Nabiyeni anafuna kuichapa.
Ndinakana. Thukuta la zigoli ziwiri sachapa ndi sopo.

Zaka zapita khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Timu inatha, kumene kunali golo ya kumwera kuli magolosale.
Bizaliyele ena akuti amasoka nsapato ku Benga,
ena akuti anapita ku Joni.

Mwezi watha, ndikupita ku chipatala ku boma,
ndinakhala kumbuyo mu minibasi, mwendo pa thumba la mpunga.
Kondakitala wa ndevu, mawu osasa,
akutolera ndalama, ndinaona pa kachikwama kake ka m'chiuno
kansalu kofiira kothimbirira, kosokeredwa ndi ulusi wakuda,
nambala folo, yonyotsoka m'mphepete.

Ndinati, "Achimwene, wani ali kwathu."

Anandiyang'ana kuyambira pa Liwaladzi
mpaka tinawoloka Bua.
Kenaka anaseka, namenya denga,
dalaivala n'kuima poyesa wina akutsika.
"Ndinu munandipotokola chala, madala?"
Anandionetsa. Chinakhotadi.

Mumtima ndinati basi, ya ulendo andikhululukira,
si ndife abale a nsalu imodzi?
Anatambasula dzanja lomwe lija:
"Zaulere zinathera pa bwalo. Lipirani."
Ndinalipira. Chenje anandibwezera yonse,
mpaka kandalama kachitsulo komwe ena amakaiwala dala.

Loweruka likubwerali akuti adzaima pa siteji ya Dwangwa,
ndibwere nacho chidutswa changa,
tingolumikiza pa bonati, tione ngati folotini akadalipo.
Nabiyeni wachichotsa mu katoni, wachinunkhiza, wakwinya mphuno,
wafunsa kuti mukalumikiza adzasunga ndani.

Funso limenelo sindinaliyankhe.
Bondo likupweteka, inde,
koma manjawa akadali bwino.